Ng'oma Yosafuna Moto

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chomwe Esnati yekha mwa inu nonse anabadwira ku Chitipa, ndipo ndakhala ndikukuyankhani kuti boma limatumiza munthu komwe lafuna. Yankho limenelo si labodza, koma ndi lalifupi. Popeza tsopano ndinapuma ntchito ndipo mawondo sandilolanso kupita kutali, ndakhala pansi kuti ndilembe lalitali. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazisiya dala. Zinali mbuzi, chimanga ndi zikwapu za aphunzitsi, zosasiyana ndi za wina aliyense.

1969, Mchinji

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa chitukuko. Anandipatsa njinga yakapalasa, kabudula wa khaki ndi midzi yoti ndiziyendera, kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga komanso kuumiriza anthu kukumba zimbudzi. Bwana wanga woyamba anali munthu woti akakuona wavala malaya osasita ankakubweza kunyumba ngakhale mvula ikugwa. Ndinkadana naye kwambiri, koma mukaona mmene ndinakulererani inu muona kuti ndinatengera zake zonse. Choko chinkasowa miyezi yathunthu, ndiye tinkalemba ndi chinangwa chouma pa chitseko chopaka makala, ophunzira anjala n'kumadya choko cha aphunzitsi. Bwanayo ankakonda kunena kuti wantchito wa boma amafunika makutu aakulu ndi pakamwa pang'ono. Makutu ndinali nawo. Pakamwa ndi pomwe pandivuta moyo wanga wonse.

1972, Mangochi

Anandisamutsira ku Mangochi kuti ndikayang'anire holo ya anthu onse pa boma. Ine mwana wa kumapiri ndinafika mu Okutobala, ndipo sabata yoyamba ndinkangoyenda ndi thaulo pakhosi, amayi anu akundiseka. Ntchito inali kuonetsa kanema Lachisanu, kukonza dansi Loweruka, kuyala mabenchi a misonkhano ya chipani ndi kusonkhanitsa magule akabwera akuluakulu. Bwana wanga kumeneko anali a Mwale, munthu wabwino mtima koma wamantha osaneneka. Polankhula mu ofesi ankayamba ayang'ana chithunzi cha pakhoma cha mtsogoleri wa dziko ngati chiwayankha. M'kachipinda ka katundu ndinapezamo zida za bandi zomwe wina anapereka kalekale: gitala wopanda nsambo, lipenga lophwanyika ndi sakisofoni yopindika khosi, momwe mavu anali atamangamo nyumba.

Sakisofoniyo anaiukitsa ndi a Jonasi Mtambo, makaniko wa mainjini a maboti. Anali Mtonga, mtchona, atakhala zaka zambiri ku Bulawayo komwe ankaimba jazi m'malo omwera mowa, ndipo anabwera kumudzi ndi chipewa chabwino koma wopanda chida. Ataiona anaigwira ngati mwana wodwala. Anaiwongola, mabowo otuluka mpweya anawamata ndi zidutswa za chubu cha njinga. Kachitsotso komwe amaika kukamwa kwa sakisofoni kuti ilire sikankapezeka m'sitolo ina iliyonse, ndiye ankasema yekha kuchokera ku bango la m'mbali mwa Shire, n'kumapala ndi lumo mpaka kapyapyale. Lamulungu lililonse masana ndinkawatsegulira holo kuti aziyeserera. Ine sindidziwa kuimba chida chilichonse, ndipo ku tchalitchi anandipempha mwaulemu kuti ndizingotsegula pakamwa, koma makiyi anali anga.

Lamulungu lina ndinaona munthu ataima kunja kwa zenera, zala zake zikugogoda pa felemu. Magalasi a holo ankabedwa kawirikawiri, ndiye ndinatuluka mwaukali. Ndinapeza ndi a Jayanti, Mmwenye wogulitsa nsalu m'sitolo ya pafupi ndi msika, munthu wa msinkhu wanga, wobadwira ku Mangochi komweko, wolankhula Chiyao kuposa ine.

"Mukufuna chiyani pa zenera la boma?" ndinafunsa.

"Pepani a Kachingwe, sindikuba. Bambowa akuimba bwino, koma akuyenda okha. Palibe wowasungira nthawi."

Sabata yotsatira anabwera ndi ng'oma ziwiri zokulunga m'nsalu, ina yaing'ono yamtengo, ina yaikulu yachitsulo yooneka ngati mphika. Anati dzina lake ndi tabula. Anavula nsapato, anakhala pansi mopinda miyendo, n'kuyamba kuimba ndi zala zokha, pakamwa akutchula mawu a ng'omayo. A Jonasi anachotsa sakisofoni kukamwa n'kungoti, "Bwerezani." Ng'omazo zinali za malemu bambo awo a Jayanti, omwe anabwera nazo pa sitima kudzera ku Beira ali mnyamata, ndipo ndi omwe anawaphunzitsa. Sankalola munthu kuzigwira kapena kuzilumpha, ngakhale ine mwini makiyi. Ankabwera nazo atazichuna kale kunyumba ndi kahamala kakang'ono, n'kubwerera nazo m'manja.

Wachitatu anali Che Ajasi a ku Chowe, mlimi wa nandolo, mkulu wa pa mzikiti komanso mwini ng'oma za beni za kumeneko. Beni ndi gule wa Ayao wovina atavala ngati asilikali, ndipo gulu la Che Ajasi ndi lomwe boma linkaitana pa zochitika zonse. Anali wachikulire kale, wamtali, wosachotsa mzuli kumutu, wosaseka wamba. Anabwera tsiku lina kudzatenga mayunifomu a gulu lake, anapeza awiriwa akuimba, anakhala pa benchi mpaka anamaliza. Kenako anayandikira, manja kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa chinthu chakuda chozungulira chomwe chili pakati pa chikopa cha tabula.

"Nanunso kwanu mumaika phula pa ng'oma?"

A Jayanti anaseka. "Eya Che Ajasi, ndilo phula lathu limeneli."

"Basi ndife anthu amodzi," anatero Che Ajasi, ndipo Lamulungu linalo anatsika kuchokera ku Chowe ndi ng'oma zawo pa njinga.

1973 mpaka 1975

Zaka zimenezi ndi zomwe ndinasangalala nazo kwambiri pa ntchito yanga yonse. Poyamba zinali phokoso lokhalokha. A Jayanti ankati nyimbo ya kwawo imayenda mozungulira n'kubwerera pomwe inayambira, ndipo pamalo pamenepo oimba onse ayenera kugunda limodzi. A Jonasi ankati mu jazi aliyense amapatsidwa mpata wonena zake, anzake akumusungira njira. Che Ajasi ankati ng'oma yosavinitsa munthu ndi mtondo chabe. Ankakangana mpaka ine kuwaopseza kuti nditseka holo. Tsiku lina Che Ajasi ndi omwe anathetsa nkhani. "Aliyense ayende njira yake," anatero, "koma tikumane pa mlatho." Kuyambira pamenepo malo okumanawo ankangowatchula kuti mlatho, ndipo akafikapo onse pamodzi ankayang'anana ngati ana oti aba mango osagwidwa.

Nyimbo zenizenizo zinkachokera kwa mayi awo a Jayanti, omwe tonse tinkawatchula kuti Ba, monga ankawaitanira mwana wawo. Anabwera ku Mangochi ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo nthawi imeneyi maso anali atayamba kuchita khungu. Ankakhala pa khonde la kuseri kwa sitolo ndi limba laling'ono lopopa ndi dzanja, n'kumaimba, a Jonasi akutsatira ndi sakisofoni. Chinkavuta n'chakuti mawu a Ba sankalumpha kuchoka pa liwu lina kupita pa lina, ankatsetsereka. A Jonasi akalumpha, Ba ankawamenya pa bondo ndi chikupiziro. "Iwe Jonasi, usathamange. Kodi akukuthamangitsa apolisi?" Bambo wa ndevu zake ankangoti, "Pepani mayi," n'kuyambiranso. Nawo a Jonasi anaphunzitsa Ba nyimbo za asodzi zomwe ankamva ku Nkhudzi pokonza mainjini, ndipo Ba ankaziimba mwa kwawo mpaka sumadziwanso kuti zinayambira kuti.

Tsiku loyamba kuimba pa dansi ya Loweruka ndinatuluka thukuta. Nyimbo inayamba ndi sakisofoni yokha, pang'onopang'ono, yopanda ng'oma, monga Ba anaphunzitsira. Anthu anali atalipira kuti avine, ndiye mphunzitsi wina wa ku Malindi anakuwa kuti, "Kodi mwayamba kapena mukukonzabe zida?" Holo yonse inaseka. Kenako tabula inalowa, zala zikuthamanga, kenako Che Ajasi anagunda ng'oma yaikulu ya beni, ndipo mphunzitsi yemweyo ndi amene anayamba kudumpha. Asilikali, anamwino, asodzi, amayi a mipango kumutu, onse anavina chinthu chomwe panalibe wodziwa dzina lake. A Mwale anaima pakhomo akugwedeza phazi, koma Lolemba anandiitana kuti ndiwatsimikizire kuti m'nyimbozo mulibe mawu onyoza wina aliyense. Ndinawauza kuti mulibe mawu n'komwe. Anati zimenezo ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa munthu atha kuikamo ake.

1976

Chaka chimenechi mphepo inali itawatembenukira Amwenye. Lamulo linali litatuluka kale loti asiye malonda m'maboma ang'onoang'ono n'kusamukira m'mizinda, ndipo masitolo ena anali atatsekedwa. Choopsa kuposa pamenepo chinali kuthamangitsidwa m'dziko. Mmwenye akangomunenera kuti wanyoza Mmalawi kapena chipani, banja lonse linkakwezedwa ndege m'masiku ochepa, ndi sutikesi yokha. A Jayanti anali asanapondeko dziko lina. Mwamuna wawo wa Ba anali atagona m'nthaka ya Mangochi.

Pokonzekera chikondwerero cha ufulu ndinalimbana ndi a Mwale kuti bandi yathu ikaimbe pa bwalo pamodzi ndi magule. Ndinkaganiza kuti akuluakulu akaona Mmwenye akuimba ndi Myao ndi Mtonga, mitima ifewa. A Mwale anakana, ndinawaumirira, anavomera ndi mutu wokha. Tsiku loyeserera linali m'mawa wa mu Juni, kukuzizira, mwera ukuomba. Kanali koyamba kuti tabula ituluke panja m'mawa, ndipo a Jayanti ataigunda inalira ngati munthu wa chimfine. Anapisa m'thumba, kahamala kochunira anali atakaiwala ku sitolo. Anaphimba ng'omazo ndi nsalu n'kuthamangira kukatenga.

Inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Ng'oma yathu ikazizira chikopa chimakhwepa, ndipo mankhwala ake ndi kuiwamba, kutanthauza kuiyandikiza ku moto, ukuitembenuza, mpaka ikungike n'kuyamba kulira bwino. Anyamata a beni anali atakoleza moto wa mapesi m'mbali mwa bwalo, akuwamba zawo. Che Ajasi sankawambira munthu ng'oma. Ngakhale ana awo enieni ankawamba okha. Koma m'mawa umenewo anavula nkhwaira zawo monga ankaonera a Jayanti akuchita, anati Bisimila, ananyamula tabula yaing'ono ija ndi manja awiri n'kukanjuta nayo pa moto. Unali ulemu waukulu womwe akanapatsa munthu. Ine ndinali tsidya lina la bwalo ndikukangana za mabenchi ndi ayufi, achinyamata a chipani, ndinaona, ndipo sindinaone cholakwika, poti nanenso ndinakulira pa ng'oma zowamba. Panalibe yemwe anatiuzapo kuti chakuda chija si phula, koma ufa wa chitsulo wosakaniza ndi phala la mpunga, wopakidwa mwaluso kwawo kwa Amwenye, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo kuti chikopa cha tabula chimakhala chokungika kale mpaka pomaliza.

Ndinamva kuti thii, kenako phwaa. Chakuda chija chinasweka ngati dothi la padambo, chikopa n'kung'ambika pakati. Nthawi yomweyo a Jayanti anatulukira akuthamanga. Anakuwa m'chinenero chawo, kahamala kanagwa pansi, dzanja lina analanda ng'oma, linalo anakankha Che Ajasi pachifuwa. Munthu wonjuta sachedwa kugwa. Nkhalamba inagwa chagada, mzuli unagubuduka mpaka m'phulusa, mutu wa dazi womwe palibe anauonapo unaonekera pamaso pa amayi, ayufi ndi anyamata awo omwe. Che Ajasi anadzuka okha, anatola mzuli, anausasa, anavala, n'kuyamba ulendo wa ku Chowe wapansi, njinga ndi ng'oma atazisiya pomwepo. A Jayanti anali atakhala pansi, ng'oma yong'ambika pamiyendo, akulira ngati pamaliro.

Pofika masana msika wonse unali utamva kuti Mmwenye wamenya nkhalamba ndi hamala. Mawa lake a Mwale anandiitana, anatseka chitseko, anayang'ana chithunzi cha pakhoma.

"Bambo Kachingwe, nkhani yafika kwa a tcheyamani a chipani. Akaizenga ku ofesi yawo Lachinayi. Ayufi anena kale zawo, koma akufuna mboni ya boma, ndipo mboniyo ndinu. Mawu ndi amodzi okha: anamenya."

"Sanamenye, bwana. Anakankha."

"Kukankha ndi kumenya zikusiyana pati? Nkhalamba inagwa kapena sinagwe?"

"Inagwa."

"Ndiye basi. Mverani, dzina lanu lili pa anthu opita ku maphunziro ku Zomba chaka chino. Muli ndi ana aang'ono, mayi kunyumba ndi oyembekezera. Amwenye awa akuchoka kale ndi kale, kaya lero kaya mawa. Ndipo mpaka Lachinayi musaonane ndi mbali iliyonse. Limenelo ndi lamulo, si pempho."

Sindinadye bwino masiku amenewo. Ndikanena kuti anamenya, Ba akwera ndege kupita komwe sakaona ngakhale njira ya kuchimbudzi. Ndikanena kuti palibe chinachitika, ndiye kuti ndauza Che Ajasi kuti kugwa kwawo si kanthu, pomwe ndinaona ndi maso anga mzuli wawo uli m'phulusa. Onse anali anzanga, ndipo onse anali atapwetekedwa zenizeni. Amayi anu anandimvetsera ndikuzungulirazungulira m'nyumba, kenako anati, "Inu bodza silikukhalani, mumachita chibwibwi. Kachiteni chomwe mukudziwa kale kuti muchita, ine ndiyambe kumanga katundu." Munthu ameneyu ankandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira.

Lachiwiri masana ndinalowa m'sitolo ya a Jayanti kudzera khomo la kumaso, anthu akuona. Ndinawauza kuti mlandu uwu mwini wake ndi Che Ajasi, ndipo kwathu kuno wamng'ono akagwetsa wamkulu sadikira bwalo, amapita yekha kukhomo kwake ndi nkhuku.

"Ine ndikapepese?" anatero a Jayanti, maso ali psuu. "Aotcha ng'oma ya bambo anga. Chikopa chimenechi m'dziko muno mulibe wochipanga, a Kachingwe. Zala za bambo anga zinali pamenepo. Ndiye ndinyamule nkhuku?"

"Anaotcha pofuna kukulemekezani. Inu munawagwetsa pamaso pa adzukulu awo."

"Nanga bwanji sanafunse?"

"Nanga inu bwanji simunawauze? Munati ndi phula."

Ba anali kuseri kwa katani, akumva zonse. Analankhula ndi mwana wawo m'chinenero chawo, mawu ochepa, kenako anatembenukira komwe kunkachokera mawu anga. "Ndamuuza kuti bambo ake sanakankhepo munthu wa imvi. Tengani tambala woyera uja."

Lachitatu tinaoloka mlatho pa njinga ziwiri, tambala ali m'dengu, njinga ya Che Ajasi tikuikoka pambali. Chitunda cha ku Chowe tinakwera chokankha. Titafika, ana awo aamuna anatiyang'ana ngati tabwera kudzalanda munda. Anatiyalira mphasa padzuwa, pomwe mthunzi wa mango unalipo, ndipo tinakhala pamenepo mpaka Che Ajasi atamaliza swala, pemphero lawo la masana. Atatuluka anakhala pa mpando, anandipatsa moni ine ndekha. Ndinayamba kulankhula monga mkhalapakati, koma a Jayanti sanadikire. Anavula nsapato, anagwada, n'kugwira mapazi a Che Ajasi ndi manja awiri, chipumi chili pafupi ndi nthaka. Kwawo umo ndi mmene mwana amapepesera kholo. Che Ajasi anadzambatuka ngati aponda moto.

"Asitaghafirula! Dzukani. Chipumi cha munthu chimagundira pansi Mulungu yekha. Mwandigwetsa pa bwalo, tsopano mukufuna mundichimwitse pakhomo panga?"

Analowa m'nyumba osatulukanso. Tambala sanalandiridwe, tinangomusiya womanga miyendo pansi pa nkhokwe. Pobwerera ine mumtima ndinkati ndaononga zonse: lamulo la bwana ndaswa, nkhalamba ndaikwiyitsa kawiri, ndipo mawa ndi Lachinayi.

Ofesi ya chipani inadzaza, ena ali m'mazenera. A tcheyamani anali munthu wonenepa wa mawu ofewa, ndipo anthu oterowo ndi omwe ndimawaopa. Ayufi awiri ananena kuti anaona hamala ikutsika. Kenako anaitana ine.

"A Kachingwe, inu ndinu wa boma. Mmwenyeyu anamenya bambowa?"

Ndinati, "Anawakankha pachifuwa ndi dzanja, ndipo anagwa, mzuli unagwera m'phulusa. Chinali chinthu choipa kuona. Koma hamala inali pansi kale, ndipo ndi kahamala kochunira ng'oma, kosaphera ngakhale mbewa. Ankalanditsa ng'oma ya malemu bambo ake pa moto. Sanamenye."

"Tamva kuti dzulo munali ku Chowe ndi woimbidwa mlanduyu."

"Ndinali komweko. Ndine ndinamutenga kuti akapepese."

"Kodi boma linakulembani ntchito ya uloya wa Amwenye?"

Anthu anaseka. A Mwale anali atayang'ana pansi ngati ataya ndalama. A tcheyamani anatembenukira kwa Che Ajasi, omwe anali atakhala kutsogolo, mkanjo woyera, ndodo pakati pa miyendo, ndipo anawauza kuti asaope, dziko lino ndi lawo, anene chomwe akufuna kuti chichitike kwa munthu amene anawachita chipongwe. Che Ajasi anaimirira pang'onopang'ono. Sanayang'ane a Jayanti kapena ine.

"A tcheyamani, mzuli wanga unagwa, zoona. Ndinautola, ndinausasa, ndi uwu ndavalawu. Ng'oma ya bambo ake a mwanayu inang'ambikira m'manja mwanga. Imeneyo aitole ndani, aisase ndani? Dzulo anabwera kwathu. Kupepesa sadziwa, anachita zachilendo, monga inenso kuwamba ng'oma yake sindinadziwe. Tambala wake tadya." Anaima kaye, n'kuyang'ana ayufi aja. "Mwini mlandu ndi amene anagwa. Anagwa ndine, ndipo mlandu ndilibe. Kapena alipo wina anagwa nawo?"

A tcheyamani anayesa kuwazungulira ndi mafunso, koma nkhalamba inangokhala pansi n'kuyamba kuwerenga mikanda yake ya swala. Ku Mangochi sukanakakamiza mkulu wa pa mzikiti kudandaula pomwe wakana, anthu ake ali m'mazenera. A tcheyamani anachenjeza a Jayanti mwaukali n'kuwauza kuti azipita. Bandi anaichotsa pa chikondwerero. Mkwiyo wotsala unafunika pogwera, ndipo unagwera ine. Maphunziro a ku Zomba anapita wina, ndipo mwezi usanathe a Mwale anandiuza, misozi ili m'maso, kuti ndikupita ku Chitipa. Sindinawasungire chakukhosi, ndipo anatithandiza kupeza lole ya katundu. A Jayanti ndi Ba anakhalabe m'nyumba yawo mpaka nthawi yomwe Amwenye onse anasamukira m'mizinda, iwo n'kupita ku Limbe, komwe Ba anamwalira ali m'manja mwa mwana wawo, m'dziko lomwe ankalidziwa.

Chomwe chinkandiwawa pochoka sichinali Zomba ayi. Chinali chakuti kuyambira tsiku la pa bwalo lija, anthu atatu aja anali asanakhalenso pamodzi. A Jonasi ankabwera Lamulungu, kuimba pang'ono, n'kutseka bokosi. Lamulungu langa lomaliza ndinatumiza mawu kwa onse kuti ndikupereka makiyi mawa, amene akufuna abwere. A Jonasi anafika. Kenako a Jayanti, atanyamula tabula yaikulu yokha, poti inzake inali itafa. Anaiika pansi n'kukhala pafupi nayo, manja ali pa mawondo. Ng'oma imodzi ya tabula siimba nyimbo payokha, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Tinamva fungo la utsi kuseri kwa holo. Titatuluka tinapeza Che Ajasi atakoleza moto wa mapesi, pambali pali ng'oma yaing'ono yatsopano, ya mtengo wosema bwino, chikopa cha mbuzi, phula lakuda pakati. Anali ataisema molingana ndi msinkhu wa tabula ija, kuti munthu aziimba atakhala pansi. Anainyamula n'kuwapatsa a Jayanti.

"Si ya bambo anu, ndipo silira ngati ya bambo anu. Koma ndi yanu. Iyi yozizira siyankhula, imafuna moto. Wambani nokha, ine ndinasiya kuwambira anthu."

A Jayanti anavula nsapato, ananjuta. Anaigwira kutali ndi moto, nkhope atayang'ana kumbali ngati akudikira kumva phwaa.

"Yandikizani," anatero Che Ajasi. "Yandikizaninso. Tembenuzani. Tsopano gundani."

Anagunda ndi chala chimodzi. Inalira mogontha.

"Sinapse. Bwezerani."

Anabwezera, akutembenuza pang'onopang'ono, utsi ukuwalowa m'maso. Che Ajasi ananjuta pambali pawo, bondo kukhudza bondo, khutu atatchera. A Jayanti anagundanso, ndipo ng'oma inayankha mokweza, mawu oyera, mpaka a Jonasi anatukula mutu. Ine misozi inatsika, ndipo sunali utsi.

"Basi, yapsa," anatero Che Ajasi. "Thamangani nayo m'kati isanazizire, mwana wanga. Tikumane pa mlatho."